Za kusamuka parishi zija, zatheka

Paja mwezi watha ndinafunsa kuti munthu ukasamuka umatani kuti akulandire ku parishi yatsopano, poti ndachoka ku Zomba pano ndili ku Lilongwe. Zikomo nonse munandiyankha aja.

Munanena zoona, nkhani yonse imayambira ku mphakati, kagulu ka akhristu okhala dera limodzi. Ine ndinathamangira ku ofesi kaye ndi khadi langa la ubatizo, akatekisiti anangoliyang'ana nkundifunsa kuti mphakati wanu ndi uti, ine kukamwa yasa. Ndiye anandilozera kwa amayi apampando a dera lathu, Lachinayi madzulo ndinapezeka ndili pamkeka pakhonde la eni ake, tinawerenga Uthenga Wabwino wa Lamulungu likubweralo, kugawana mawu, kenako kusonkha ya odwala ndi ya maliro.

Koma chomwe simunandiuze nchoti mlendo sapuma! Sabata yomweyo inali ya mphakati wathu kukonza tchalitchi, Loweruka 6 koloko m'mawa ndili ndi tsache m'manja, kenako kukolopa mpaka kuguwa, msana kuwawa. Pano akuti ndiziwerenga mawu oyamba pa Misa yachiwiri, ndavomera. Za kwaya ndakana kaye, mawu angawa ndimawadziwa ndekha.