Bougainvillea yanga ikungobiriwira masamba, maluwa ayi. Ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Area 25, Lilongwe. Ndili ndi bougainvillea ya pinki kuseri kwa nyumba, yakula ndithu mpaka yayanga mpanda wonse. Masamba obiriwira bwino, minga ndiye osanena, koma duwa olo limodzi. Chonsecho ya aneba, imene saithirira n'komwe, yangoti psuu chiyambire June. Ine ndimathirira m'mawa ndi madzulo, ndinaikako manyowa a nkhuku komanso kaureya kamene kanatsala ku chimanga. Pafupi pali mtengo wa mango umene umatchinga dzuwa masana. Ndiizule ndikabzale pena? Kapena alipo mankhwala ochititsa maluwa?

Bambo wogulitsa mbande za maluwa:
Mayi, vuto ndi loti mukuisasatitsa. Ureya ndi nayitrojeni yekhayekha, 46 peresenti, ntchito yake ndi kukuza masamba. Manyowa a nkhuku nawonso ali ndi nayitrojeni wambiri. Mwaipatsa zonse ziwiri, kuonjezera madzi kawiri patsiku, ndiye ichitirenji maluwa? Kwawo kwa chomerachi ndi ku South America, cha ku Brazil uko, ndipo chimaphuka kwambiri chikamva chilala. N'chifukwa chake kuno chimakongola mvula ikatha, mpaka mu October. Siyani feteleza. Madzi dikirani dothi liume kaye, pisani chala muone. Masamba akayamba kufota pang'ono m'pamene muthirire mokwanira, kenako muisiyenso. Mankhwala musataye nawo ndalama.

Mayi wina wa ku Salima:
Koma ine yanga ndimathirira tsiku lililonse ndipo maluwa sakata.

Bambo wa mbande uja:
Amayi, kwanu ndi mchenga, madzi amangodutsa, dzuwa lakunyanja n'kuumitsa pompo. Katondo wa ku Lilongwe amasunga chinyezi. Mizu ikakhalitsa m'matope imaola.

Mayi wa ku Zomba:
Kuzula kokha ayi, achemwali. Mizu yake ndi yopyapyala, siichedwa kuthothoka, ndipo yaikulu ngati imeneyo mukaisuntha nthawi zambiri imauma. Ngati mukufuna ina pamalo a dzuwa, dulani nthambi zokhwimirako zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 15 kapena 20. Chotsani masamba am'munsi, zikani m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga, muike pamthunzi. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri zina zimagwira, zina ayi, ndiye dulani zambiri. Pobzala ng'ambani chubu mosamala, dothi lisagumuke. Koma mango aja ndi vuto ndithu, chifukwa imafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa.

Aphunzitsi ena opuma:
Funso langa n'lakuti kodi mumaimeta? Maluwa amatuluka kunsonga za nthambi zatsopano. Mukadzaona ya anebayo pafupi, zapinki zija ndi masamba chabe opyapyala ngati pepala, maluwa enieni ndi tating'ono toyera, titatu pakatipo. Tonseti timayambira kunsonga. Wometa kawirikawiri amadula maluwa asanaoneke.

Wofunsa:
Iii aphunzitsi, mnyamata wa pakhomo amaimeta mwezi uliwonse kuti mpanda uzioneka wolongosoka! Ndiye ndizidulira liti? Za mango ndiye zovutirapo, nyumbayi ndi ya lendi ndipo eni ake amawerengera mangowo.

Aphunzitsi aja:
Muuzeni aike sizasi pansi. Kudulira ndi pamene maluwa ayoyoka, kuti iphuke nthambi zina. Zimene zikutchinga njira zimangeni pawaya, chifukwa payokha siigwira khoma, imangokola ndi minga.

Mayi wa ku Zomba uja:
Mango musawakhudze panopa ali ndi maluwa, mungayambane ndi alandilodi. Dikirani zipatso zithe, mukapemphe mwaulemu kusadzira nthambi za mbali ya mpanda zokha. Panopa kokerani nthambi za bougainvillea kumene kumaomba dzuwa. Mukasiya madzi ndi ureya tsopano, mbali imeneyo ikhoza kuphuka mvula isanagwe.

Bambo wina wa ku Ndirande:
Kungoonjezerapo, podulira valani magolovesi, ndipo nthambi zodulazo muziunjike n'kuotcha tsiku lomwelo. Minga yake ikauma imaboola ndi patapata yemwe, ndiye ngati pakhomopo pali ana oyenda opanda nsapato musazisiye pabwalo.