Kodi ndiwaikire app yowerenga maola anyamata anga a sola? Ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina

Akuluakulu pa gulu lino, moni nonse. Dzina ndabisa dala chifukwa mmodzi mwa anyamata amene ndikuwanenawa alimo muno.

Ndili ndi kabizinesi koika sola kuno ku Kasungu. Shopu ili pa boma koma ntchito zambiri zimachokera kunja, ku Santhe, Chamama, Nkhamenya, mwina mpaka ku Mtunthama. Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma foni yanga sipuma, mlimi aliyense akufuna magetsi ayake m'nyumba mwake lero lomwe. Ndili ndi anyamata atatu ndi njinga zamoto ziwiri. Ndimawalipira pamwezi, ndipo akapita kutali ndimawapatsa ya nkhomaliro.

Lachiwiri lapitali ndinatuma awiri ku Santhe. Nyumba ya zipinda zitatu, mapanelo awiri, batire, invata ndi mababu 6. Ntchito ngati imeneyi ine ndinkaimaliza maola anayi ndili ndekha. Iwowa ananyamuka hafu 7 m'mawa, kubwera 7 koloko usiku, fumbi mpaka m'nsidze, mawu oyamba n'kukhala akuti "bwana ya ovataimu musaiwale." Mlamu wanga akuti anawaona cha m'ma 1 koloko ali pa chiwaya akuonerera bawo. Anyamatawo akuti mwini nyumba anapita kumaliro ndi makiyi, ndiye amamudikira. Ndimvere ndani?

Mwana wa achemwali anga amene ali pa koleji ku Lilongwe wandiuza za app yotchedwa Clockify. Akuti munthu amadina poyamba ntchito, n'kudinanso pomaliza, ine n'kumaona maola onse pa foni yanga. Ndiye ndati safunsa anadya phula. Kodi imagwira malo opanda netiweki? Imadya bandulo yambiri? Alipo anaiyesapo ndi antchito, makamaka oyendayenda m'midzi? Sindikufuna azindiona ngati kapitawo wa pa esiteti, komanso ndatopa kulipira maola amene sindikuwadziwa.

Angoni Enieni

Batanilo adzalidina ali pa bawo pomwepo achimwene. Foni sidziwa ngati munthu ali padenga kapena patsinde pa mango.

Chikondi M.

Bwana, ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ndimalemba zimene anthu ayankhula pa ma audio a kafukufuku ndipo ondilemba ntchito amandilipira pa ola. Ndiyambe ndi zimene mwafunsa. Clockify ndi inzake Toggl Track zonse zimawerengabe nthawi ngakhale netiweki palibe, zimasunga m'foni n'kudzatumiza mukafika poti intaneti ikugwira. Bandulo musadandaule nayo, zimatumiza manambala ndi timawu basi, kavidiyo kamodzi ka pa TikTok kamadya kuposa pamenepo. Toggl ndi yaulere mpaka anthu asanu, ndiye inu ndi anyamata anu atatu mukukwana. Koma ngati mukufuna kuona pa mapu pamene munthu ali, pa Clockify mbali imeneyo ndi yolipira, m'madola, kudzera pa khadi la ku banki. Mmene forex ikuvutiramu, ganizani kawiri.

Tsopano zimene simunafunse. Ine ndisanayambe ndinkalumbira kuti ndimagwira maola 8 patsiku. Sabata yoyamba app inandionetsa maola anayi ndi theka. Enawo anapita kuti? Kudikira magetsi abwere, kuyankha WhatsApp, kutenga mwana kusukulu, kuphika. Si ulesi, koma nthawi imatayikira m'timipata timene munthu suwerenga. Tsiku lina ndinaiwala kuimitsa, kudzuka m'mawa ikuti ndagwira maola 14, ndinachita kukonza pamanja. Anyamata anu adzaiwalanso, ndiye musadzathamangire kunena kuti akuba.

Mukangoika batani limodzi la "ntchito" simudzaphunzirapo kanthu, mudzangoona 7:30 mpaka 19:00, zomwe mukuzidziwa kale. Gawani zinayi: ulendo, kudikira, kuika, ndi kubwerera kokonza zolakwika. Akamadina "kudikira" azilembapo mawu awiri, akudikira chiyani kapena ndani. Ndipo inunso muikemo dzina lanu.

Membala wobisa dzina

Zikomo mayi. Zoti nanenso ndiziwerengedwa sindinaziganizire. Ine nthawi yanga ndimaidziwa.

Chikondi M.

Nanenso ndinkatero bwana.

Mnyamata wa Mawaya

Ine ndiyankhule ngati wogwira ntchito yomweyi, ndili kuno kwa Kamwendo ku Mchinji. Mabwana mumaona ola lonyamuka ndi ola lobwera, za pakati simuziona. Ukafika pakhomo, mwini nyumba sanasankhe pomwe akufuna batire ikhale, akudikira mayi abwere kudimba kuti agwirizane. Makwerero palibe, upite ukabwereke kutchalitchi. Ukwere padenga 12 koloko mwezi wa Okutobala, malata akuwotcha mawondo ngati chiwaya chomwe mukunenacho, utsike kaye. Mitengo ya denga ina ndi yofumbwa, umayenda mochita kuwerenga misomali. Ukamaliza, gogo akuti mundionetse poyatsira, mwana akuti TV sikuyaka, mnansi wabwera kudzafunsa mtengo. Zonsezo ndi maola.

Ndiye ndifunse, foniyo ndi ya ndani? Bandulo agula ndani? Kafoni kanga batire yake imatha 2 koloko masana, ndikayatsa location ndiye sikafika ndi 12 yomwe. Kakagwa padenga ndikufuna kudina batani lanulo, screen mugula? Ngati mukufuna app, gulani foni ya kampani. Yanga muli zithunzi za mkazi wanga, sindingalole bwana azidziwa komwe ndili Lamlungu.

Angoni Enieni

Apa wanena aise. Lamlungu lomwelo ndi lomwe anthu timaopa kkkk

Mayi NaPhiri

Bambo wofunsa, ine ndagwira ntchito yoona za antchito zaka zambiri, ndiye mundimvere bwino musanatsitse app iliyonse. Employment Act ya 2000 imati maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48. Opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ola la ovataimu pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, pa tsiku lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri. Panopa mumakangana pakamwa, mawu anu ndi mawu awo. Mukayamba kulemba, kaundulayo akhala mboni, ndipo mboni imeneyo ikhoza kukakutsutsani inu nomwe ku ofesi ya Labour. Munthu amene mwamutuma ku Santhe pa njinga yanu, nthawi imene ali pamsewu simunganene kuti anali pa zake. Tsiku mwatchulalo ndi maola 11 ndi theka, mukachotsa ola la nkhomaliro atsala 10 ndi theka. Werengani sabata yonse ya nyengo ya fodya muone ngati thumba lanu lakonzeka.

Chinanso, kutsata munthu komwe ali kudzera pa foni ndi nkhani ya chinsinsi chake, ndipo dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024. Musaike kanthu mobisa. Khalani nawo pansi, muwauze chimene chikulembedwa ndi chifukwa chake, avomere, asayine.

Membala wobisa dzina

Mayi, mwandiopsa. Ine ndimafuna kuchepetsa ovataimu, inu mukuti mwina ichuluka?

Mayi NaPhiri

Ngati akugwiradi, inde ichuluka. Ngati sakugwira, ichepa. Inu simukudziwa, ine sindikudziwa, mlamu wanu sakudziwanso, anangodutsa pa njinga.

Student Wa Mawa

Yesani Pomodoro. Anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Umagwira mphindi 25, kupuma 5. Ine imandithandiza powerenga.

Mnyamata wa Mawaya

Mphwanga, ndili padenga panelo ili m'manja, mabawuti awiri okha ndi omwe ndamanga, mphepo ikuwomba, ndiye tomato walira nditsike?

Agogo a Yamikani

Ana inu, zimenezi si zachilendo. Ine ndinali kalaliki pa esiteti ya fodya kuno ku Kasungu. Tinali ndi buku lalikulu, m'mawa kuitana mayina, madzulo kuchonga. Amene tinkawawerengera tsiku ankayenda ngati ng'ombe yodwala. Amene tinkawapatsa ndime ankagwira mwa mgwazo, pofika 11 koloko amaliza, ali kwawo. Mwana wanga, siya za mafoni. Uwauze kuti nyumba iyi ndi ndalama zakuti, amalize nthawi imene akufuna.

Membala wobisa dzina

Agogo, ya mgwazo ndinaiyesa chaka chatha ndi mnyamata wina amene anachoka. Nyumba ziwiri patsiku ankamaliza ndithu. Patatha mwezi mafoni anayamba. Kwina materminal a batire sanamange bwino mpaka anachita dzimbiri lobiriwira, kwina anaika waya woonda kuchokera pa batire kupita ku invata, unatentha n'kusungunuka, mwamwayi mayi wa pakhomopo anamva fungo. Ndinabwerera ndekha maulendo asanu, mafuta anga. Mzere wa fodya ukaupalira mothamanga umaoneka pomwepo, koma waya umabisala m'siling'i.

Agogo a Yamikani

Apo ndiye ndagonja. Ife magetsi tinalibe.

Blessings wa Admin

Kwa amene akufuna kudziyesa okha asanayese ena: pa foni zambiri za Android, lowani mu Settings mupeze Digital Wellbeing. Ikuonetsani maola amene mwathera pa app iliyonse lero. Musatiuze zomwe mwapeza pa Facebook, tikudziwa.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso patatha masabata atatu, poti ambiri munati ndidzakuuzeni.

Ndinawaitana anyamata Loweruka titatseka shopu. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, wamkulu mwa iwo anati, "Bwana, positi ija tinaiwerenga tonse. Santhe, mapanelo awiri, mlamu, mumati sitidziwa?" Tinaseka, koma nkhope yanga inatentha. Tinagwirizana kuti za mapu ayi. Ndinagula foni imodzi yotsika mtengo pa njinga iliyonse, bandulo ndi yanga, madzulo mafoniwo amagona m'shopu pa chaja. Tinagawa zinayi monga ananenera mayi Chikondi, ndipo nanenso ndinalowamo.

Sabata yoyamba inali chisokonezo. Wina anaiwala kuimitsa Lachisanu, Lolemba foni ikuti wakhala "pa ulendo" maola 62, tinati ndiye wafika ku Johannesburg. Yachiwiri ndi yachitatu zinayenda.

Zimene ndaona ndi izi. Pa tsiku la maola 10, ogwira mawaya enieni ndi anayi kapena kuchepera, ndendende mmene ndinkagwirira ine. Pamenepo sananame. Ulendo wa ku Nkhamenya kupita ndi kubwera, ndi katundu kumbuyo, ukudya pafupifupi maola atatu. Tsiku lina lonse la m'mawa linathera pamzere wa mafuta. Koma chimene chandiwawa chili pa "kudikira". Ndinawauza azilemba amene akumudikira, ndiye ndikutsegula lipoti ndikupeza "kudikira bwana", "kudikira bwana", "kudikira bwana", kasanu ndi kawiri m'masabata awiri. Makiyi a stoo ndimasunga ndine. Iwo amafika 7, ine ndimayamba ndasiya ana kusukulu, ndidutse ku banki, ndifike cha m'ma 9. Tsiku lina ndinawatumiza ku Chamama ndi katundu yemwe ndinalongedza ndekha, breaker ndinaiwala pa kauntala. Anakhala maola awiri ndi theka mpaka ndinaitumiza pa kabaza. Ndikanakhala kuti sindinaone zolembedwa, ndikanati anali pa bawo.

Sikuti iwo ndi angelo. Wamng'ono uja nkhomaliro yake imatenga maola awiri, ndipo amaiika pa "kudikira" osalemba dzina la munthu. Ndamufunsa, wangoyang'ana pansi. Za Santhe zija mpaka lero sindikudziwa, maliro analikodi, bawo analiponso.

Mayi NaPhiri munanena zoona, ovataimu ya sabata yachiwiri inakwera, ndalipira. Makiyi a stoo ndapatsa wamkulu uja, ndipo katundu tikulongedza madzulo, wina akuwerenga pa pepala wina akuika m'katoni.

Tsopano funso lina kwa amene muli ndi mabizinesi oyendera makasitomala. Zaka zonsezi ndalama ya ntchito ndimatchaja yofanana, kaya nyumba ili kuseri kwa msika wa pa boma kaya ili ku Nkhamenya, ndimangoonjezera ya mafuta. Maola atatu a anthu awiri pamsewu ndakhala ndikuwapereka ulere. Inu mumatchaja bwanji mtunda, pa kilomita kapena pa dera? Nanga mlimi amene mnansi wake ndinamuikira chaka chatha pa mtengo wakale, ndikamuuze chiyani?

Mnyamata wa Mawaya

Ife kuno timatchaja pa dera, Mkanda mtengo wake, Kapiri mtengo wake. Mukapeza nyumba ziwiri mudzi umodzi, ya ulendo agawane. Koma bwana, lipoti lanu inuyo simunatiuze. Maola angati?

Membala wobisa dzina

Langa ndinaiwala kudina masiku anayi.