Galasi la bokosi la zithunzi zosema likuchita chifunga mkati

Moni nonse akalipentala ndi amisiri a zosemasema. Ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano.

Ndimapanga timabokosi ta matabwa topachika pakhoma, ndipo mkati mwake ndimaikamo kamudzi kakang'ono, monga kanyumba kofolera ndi udzu, nkhokwe ndi mayi akusinja mumtondo, kenako ndimatseka kutsogolo ndi galasi. Vuto ndi lakuti pakapita masiku awiri kapena atatu nditatseka, galasi limayera mkati ngati lawazidwa ufa, makamaka pafupi ndi tizidole, moti nkhope ya mayi uja, imene ndinaisema mosamala kwambiri, siionekanso bwino.

Ndinapukuta galasilo ndi sipiriti ndisanaliike, koma sizinathandize. Poganiza kuti vanishi sanaume, bokosi lachiwiri ndinalisiya lotsegula kwa sabata yathunthu, ndipo kuyerako kunachepa pang'ono chabe. Lachitatu ndinaliyanika padzuwa, koma thabwa lakumbuyo linapindika mpaka makona awiri anatseguka, zimene zinandipweteka mtima chifukwa mwini wake anali atalipira kale.

Ndili ku Zomba, kumene chinyezi chachuluka nyengo ino ya mvula. Bokosilo ndi la masentimita 40 m'litali, 30 m'lifupi ndi 8 kuya kwake. Felemu ndi ya mlombwa, kumbuyo ndi paini, galasi ndi la mamilimita 3. Makona ndimamata ndi guluu woyera wa matabwa, pamene tizidole ndimamata ndi super glue.

Kodi chikuyeretsa galasili ndi super glue, vanishi kapena chinyezi cha m'matabwa? Nanga kuboola timabowo kumbuyo kuti mpweya uzituluka kungathandize popanda kulowetsa fumbi ndi tizilombo?