Ndimete kapena ndisamete ndisanalowe ku fiyeta?

Membala wobisa dzina:
A admin chonde musaonetse dzina langa. Moni nonse pagulu lino. Ndimakhala ku Area 25, ndili ndi pakati pa miyezi 9 ndipo andipatsa kale tsiku, Lachiwiri sabata yamawa ndikalowa ku fiyeta chifukwa woyamba ndinaberekanso kudzera ku mpeni. Ulendo umenewo bala linandizunza. Patangotha masiku 6 nditatuluka linayamba kufiira ndi kutupa, kenako mafinya, fungo lake mpaka bambo a mwana ankagona atayang'ana kukhoma. Anandigonekanso milungu iwiri, kumasula ulusi, kutsuka tsiku ndi tsiku, khanda lili kubere. Sindikufuna kuziwonanso zimenezija.

Tsono apongozi abwera kuchokera ku Mitundu kudzakhala gadiyani. Akuti Lolemba usiku ndimete bwinobwino ndi lezala latsopano, ndisambe madzi othira Dettol, kenako ndipake sipiriti pamimba ponse kuti ndikafike ndili woyera. Poyamba paja ndinametadi kunyumba. Koma kusikelo anesi anandiuza kuti ndisakhudzeko. Ndimvere ndani? Amene mukudziwa ndithandizeni.

Mayi wa ku Kawale:
Ine ana atatu onse a ku mpeni, ndimameta ndekha nthawi zonse ndipo sindinadwalepo. Kwina amachita kukuuza kuti ubwere ndi lezala lako. Kupita ndi thengo pamaso pa madokotala ndi manyazi asisi, mverani apongozi.

Namwino wa ku fiyeta:
Mayi, pepani ndi zomwe munadutsamo. Mverani anesi a kusikelo aja, musamete. Manyazi muwasiye kunyumba, ife timaona zimenezi tsiku lililonse ndipo palibe amene amazilabadira.

Lezala, ngakhale latsopano, limasiya timabala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo, tina monga Staphylococcus aureus, ndipo pakhungu losachekeka sitivuta. Mukameta usiku, tizilomboto timalowa m'timabala muja n'kuswana usiku wonse, m'mawa mpeni ukudutsa pomwepo. Mankhwala amene timapaka amapha bwino za pamwamba, zobisala m'timabala zimapulumuka. N'chifukwa chake malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2016 amati ubweya usachotsedwe, ndipo ngati ukutchinga pocheka achepetse ndi makina ometera, osati lezala. Imeneyo ndi ntchito ya kuchipatala, nthawi ya opaleshoni itayandikira.

Yanu ndi iyi: sambani thupi lonse ndi sopo wamba Lolemba usiku, musambenso m'mawa. Mutsuke bwino pamchombo ndi pakhwinya la m'munsi mwa mimba pomwe pali chipsera chakale. Thaulo ndi zitenje zikhale zochapa, zouma bwino. Mukasamba musadzole mafuta, Vaseline kapena paudala. Dettol ndi sipiriti zisiyeni, zimatha kuwaula khungu, ndipo khungu lowauka ndi khomo linanso la tizilombo.

Mayi wa ku Kawale:
Nanga ine bwanji sindinadwale?

Namwino wa ku fiyeta:
Munali ndi mwayi mayi, ndipo si aliyense wometa amene amadwala. Koma vutoli si laling'ono. WHO imati m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono, anthu 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni bala lawo limagwidwa ndi tizilombo, ndipo kuno ku Africa kwa amayi a ku mpeni chiwerengerocho chimatha kufika 20 pa 100. Amene anapsapo kale ngati mayiwa sayenera kuyesa mwayi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo anesi. Nanga zofiirira zomwe anandipaka pamimba paja n'chiyani? Ndinkangomva kuzizira.

Namwino wa ku fiyeta:
Imeneyo ndi ayodini, ena amaidziwa ndi dzina loti Betadine. Palinso chlorhexidine wosakaniza ndi sipiriti, amene WHO imalimbikitsa kwambiri chifukwa sipiriti amapha msanga ndipo chlorhexidine amatsalira pakhungu n'kumagwirabe ntchito kwa maola. Chipatala chimapaka chomwe chili nacho, zonsezo zimathandiza zikapakidwa moyenera. Timayambira pomwe pachekedwe n'kumapita kunja, osabwereranso pakati ndi thonje lomwelo. Kenako timadikira kuti paume pokha, pafupifupi mphindi zitatu. Mukaona tangoima musaganize kuti tikucheza, mankhwalawo amagwira ntchito akamauma, komanso sipiriti wosauma atha kuyaka ndi makina amagetsi otsekera mitsempha ya magazi. Ngati ayodini anakutulutsaniponi zidzolo kapena kukuyabwitsani, nenani musanagone patebulo.

China, jakisoni wa antibayotiki amayenera kulowa mpeni usanakhudze khungu, kwa amayi oyembekezera nthawi zambiri mphindi 30 mpaka 60 zisanachitike. Ndipo muwauze madokotala kuti bala loyamba linachita mafinya, asangoziwerenga m'buku.

Bambo wa ku Area 23:
Zonena n'zabwino, koma wodwala wamba angayerekeze kufunsa dokotala kuti mwandibaya jakisoni? Ena amakuyankha ngati wawatukwana.

Mayi wa ku Biwi:
Zimatengera kafunsidwe achimwene. Ine ndinangoti adokotala ndikuopa, poyamba bala linavuta, mundithandiza bwanji ulendo uno? Anandifotokozera bwinobwino, mpaka anandiyeza shuga poti shuga akakwera bala limachedwa kupola.

Mtsikana wa ku Chinsapo:
Mukatuluka muzipaka aloe vera ndi uchi, azakhali anga linapola msanga.

Namwino wa ku fiyeta:
Ayi achemwali, pabala la opaleshoni pasapakidwe chilichonse chomwe sanakupatseni kuchipatala. Likhale louma ndi laukhondo, ndipo aliyense wofuna kuligwira asambe m'manja ndi sopo kaye, gadiyani yemwe. Kutentha bala ndi nsalu ya madzi otentha kuja, amayi akuluakulu amakonda, pamenepo ayi. Masiku 30 oyamba muziliyang'ana tsiku lililonse, ngati mimba ikutchinga gwiritsani galasi. Kufiira kukamafalikira, kutupa, ululu wowonjezereka m'malo mochepa, mafinya, fungo, kutentha thupi kapena bala kutseguka, pitani tsiku lomwelo, kaya ku chipatala cha Bwaila, cha Kamuzu Central kapena komwe munachitidwira. Osayamba mwagula makapisozi pagolosale.

Membala wobisa dzina:
Ndamva zonse, Mulungu akudalitseni. Vuto latsala ndi apongozi, malezala agula kale atatu ali m'chikwama. Ndikawakanira aziti mtengwa wamwano.

Mayi wa ku Biwi:
Musawakanire nokha asisi. Pitani nawo kusikelo akamve pakamwa pa anesi, yunifolomu amaimvera. Malezalawo asunge, limodzi lidzagwira ntchito pometa bambo a mwana ndevu.

Membala wobisa dzina:
Kkkk chabwino. Lachisanu ndili ndi sikelo yomaliza, ndiwauza kuti andiperekeze poti miyendo yatupa.