Mwala wonolera wa malemu bambo wasweka, wina ndingaupeze kuti?

Mlimi wa ku Mphunzi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Malemu bambo anga anagwirapo ntchito kumgodi wa malasha wa Mchenga ku Rumphi. Pobwerera kumudzi kuno ku Dedza anabwera ndi mwala m'thumba, pamodzi ndi ziwiya. Amayi anawaseka kuti munthu anganyamule bwanji mwala kupita nawo kudziko la miyala yokhayokha. Koma mwalawo ndi umene wanola mipeni, nkhwangwa ndi zikwanje za pakhomo pathu mpaka lero, ndipo anansi amabwera ndi zawo. Ndi wotuwa mofiirira, ukaupapasa umamveka ngati mchenga womatana, ukauthira madzi umamwa. Pakati pake panakumbika ngati mbale chifukwa chonolera. Mwezi wathawu mwana anaugwetsa pakhonde, wasweka pawiri.

Ndakwera phiri la Mphunzi, ndayenda m'mphepete mwa Linthipe, wofanana nawo sindikuupeza. Yathu kuno ndi yolimba, yamawangamawanga, ina yonyezimira. Ndikanolerapo, mpeni ukungoterereka. Kodi mwala wamtunduwu kwathu kuno kulibe?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Pepani achimwene, mungotha nsapato m'mapirimo. Mwala wa bambowo ndi umene m'mabuku amati sandstone. Unayamba uli mchenga weniweni umene mitsinje yakale inkaunjika, wina pamwamba pa unzake, mpaka unapsinjika n'kumatana. Mapiri athu a Dedza ndi Chongoni ndi a granite ndi miyala ina yapachibale nayo, imene inali yosungunuka pansi pa nthaka n'kuzizira pang'onopang'ono. Mawanga mukuwaonawo ndi timiyala tosiyanasiyana tolumana kolimba, n'chifukwa chake thanthwe lake likagwiragwira ntchito limangosalala.

Wa bambowo umanola chifukwa mukamakhutiza mpeni, timchenga tapamwamba timayoyoka, tina takuthwa n'kuonekera. Kukumbika kuja n'komweko. Ndipo sikuti anautola ku Mchenga mwamwayi. Malasha ndi zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo mchenga unkaunjikana pamalo omwewo, ndiye kumene kuli malasha mwala uwu susowa. Ngakhale uranium wa ku Kayelekera ku Karonga ali m'mwala womwewu.

Mmisiri wa pa Lizulu:
Aphunzitsi anena zoona. Ine ndinakamanga ku Nsanje chaka china, ndipo Lamulungu lina anzanga ananditengera ku nkhalango yotetezedwa ya Mwabvi. Kumeneko ndiye kwawo kwa mwala umenewu. Mtsinje unadula thanthwe n'kusiya zipupa mbali zonse ziwiri, mizeremizere ngati munthu anachita kuyala njerwa. Ndinakanda ndi msomali, mchenga unayoyokera m'manja.

Koma pa zomanga ine ndimakonda wathu wa kuno. Kuswa kwake n'kowawa, hamala imachita kubwerera, koma ukauika pa fawundeshoni wagona tulo, sumwa madzi. Wamchengawo ndi wosavuta kusema, umakongola pakhoma, koma wina umakhala wofewa ndipo chinyontho chimakwera nawo.

Bambo, zidutswa ziwirizo musataye. Sakanizani simenti pang'ono, muike m'kabokosi kathabwa, mukhazikemo chidutswa chachikulucho mbali yosalala ili m'mwamba. Chikauma chinolanso zaka zambiri. Chaching'onocho muzipita nacho kudimba.

Mayi wa ku Linthipe:
Ine langa ndi pempho chabe kwa inu amene mukusaka miyala m'mapirimo. Pafupi ndi kwathu ndinapeza anyamata atasonkha moto wa matayala pathanthwe kuti ling'ambike agulitse miyala, utsi uli kulowa m'phanga. Mtima unandipweteka. M'mapanga a Mphunzi, Namzeze ndi Chencherere muli zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Malo a zojambula zotere m'dera lonse la Chongoni alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Agogo anga aakazi sankalola ngakhale kuti tiloze ndi chala zina mwa izo. Mwaye ukakuta pamenepo palibe angazibwezeretse.

Mlimi wa ku Mphunzi:
Zikomo nonse. Mayi, musade nkhawa, ine m'phanga sindigwiramo kanthu, ndinakulira pansi pa phiri lomwelo. Amisiri, simenti ndagula dzulo pa Dedza boma, kabokosi ndikhoma mawa. Aphunzitsi, amayi ndawafotokozera za mchenga ndi malasha zija. Akhala chete nthawi yaitali, kenako atenga chidutswa chaching'onocho n'kukachiika m'sutikesi momwe muli jekete la malemu. Kudimba ndizingopita ndi tupa.