Za chiphaso chowedzera nsomba ku Durban: zomwe ndapeza

Mwezi watha ndinafunsa ngati munthu angangotenga mbedza Loweruka n'kukawedza pagombe la Durban ngati momwe tinkachitira tili ana ku Nkhotakota. Ndathokoza amene munandichenjeza kuti ndisayerekeze. Munanena zoona.

Kuno ku South Africa nyanja ya mchere ili pansi pa lamulo la Marine Living Resources Act la 1998, ndipo ngakhale wowedza mongosangalala amafunika chiphaso. Ine ndinagula cha chaka chonse ku positi ofesi, ngakhale tsopano chimapezekanso pa intaneti. Kutola nyambo m'miyala kuli ndi chilolezo chakechake, musaganize kuti chiphaso chimodzi chikukwanira zonse.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi nkhani ya shad, nsomba imene anthu amadzadzira pagombe m'nyengo yozizira. Munthu amaloledwa zinayi zokha patsiku, ndipo iliyonse isachepere masentimita 30. Kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala saloleza n'komwe, chifukwa ndi nthawi yoswana. Poyamba ndinaona ngati n'kukhwimitsa zinthu, koma nditakumbukira momwe chambo chachepera kwathu, mtima wanga unagwirizana nazo.

Achimwene amene munafunsa zogulitsa: ayi, nsomba yogwidwa ndi chiphaso chimenechi ndi ya ndiwo basi, kugulitsa ndi mlandu. Perlemoen, mtundu wa nkhono ya m'nyanja, musayikhudze.

Loweruka lapitali ndinabwerako ndi shad ziwiri, ina yaing'ono ndinaibwezera m'madzi.