Ndithandizeni sewero loseketsa loti amayi, mkamwini wawo ndi ana aonere pamodzi

NaPhiri wa ku Chitakale:

Abale anga, nkhaniyi ikuoneka yaing'ono koma ine yandisowetsa mtendere. Amayi anga anabwera kuno kuchokera ku Muloza mwezi wa June chifukwa cha mwendo umene ukuwavuta, ndipo akhala nafe mpaka mvula itayamba. TV m'nyumba muno ndi imodzi. Ndi chiperoni chimenechi palibe angakhale pakhonde madzulo, ndiye tikatha kudya timaunjikana tonse pabalaza: amayiwo, abambo a Tadala, Tadalayo amene ali Fomu 3, ndi mlongo wake wa zaka 8. Ine ndimangofuna tiziseka pamodzi mphindi 30 tisanagone. Koma anthu amenewa amasankha kuposa mwana wodwala malungo.

Amayi safuna zopsopsonana, ndipo apa sindiwatsutsa, poti mkamwini amakhala ali pompo. Tsiku lina anthu awiri atangoyamba zimenezo pa TV, abambo a Tadala anadzambatuka n'kunena kuti akukaona ngati nkhuku zalowa. Nkhukuzo tinali titazitsekera 5 koloko. China chimene amayi amadana nacho ndi kuseka kwa anthu osaoneka kumene kumamveka m'masewero achizungu. Amafunsa kuti, "Akusekawo ndani? Bwanji sakuonetsa nkhope?" Akuti iwo ndi munthu wamkulu, sangachite kuuzidwa poti aseke.

Abambo a Tadala awo ndi Izeki ndi Jakobo basi. Vuto ndi lakuti anawaloweza, amayamba kunena mawu Jakobo asanatsegule pakamwa, kenako n'kuseka okha. Amayi akawaona awiri aja saseka n'komwe, amangopukusa mutu n'kumati, "Mayo ine, ana abwinobwino onse anapita." Basi pabalaza pamasanduka pa siwa. Tikuferanji ndinayesanso, koma bambowa akuti chilowereni Manganya m'ndale, akamuona amaona msonkhano osati sewero. Poti kuno n'kwawo kwa Manganyayo, mkangano umenewo ukayamba sitigona. Tadala naye zonsezi akuti n'zachikale.

Mr Bean musanditchulire. Wamng'onoyu amagubuduka nako kuseka, koma amayi anati, "Bambo wamkulu chotere kugona ndi chidole, abale ake ali kuti osapita naye kuchipatala?"

Ndiye ndiuzeni sewero lokhala ndi zigawo zambiri, lopanda zochititsa manyazi pamaso pa apongozi, Chingerezi chake chosathamanga kwambiri. GOtv sitinalipire miyezi iwiri, koma ndili ndi fulashi ya 16 GB.

Aphunzitsi opuma, Luchenza:

Mayi, yesani Mind Your Language. Ndi la ku Britain, linayamba mu 1977. Mphunzitsi wina, Mr Brown, amaphunzitsa Chingerezi anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana pa sukulu yamadzulo ku London, pansi pa mayi wolusa, Miss Courtney. Ubwino wake ndi wakuti ophunzirawo ndiwo amaphwanya Chingerezicho, kotero ngakhale amene analekeza Sitandade 6 amatsatira. Ine ndinaphunzitsa zaka 31, ndipo mayankho opotoka amene amaperekedwa m'kalasi imeneyo ndinawamvapo ndi makutu anga kwa ana a kuno konkuno.

Za kuseka kosaonekako, muwafotokozere amayi motere. Masewero ambiri a nthawi imeneyo ankawajambula pamaso pa anthu okhala pa mipando ngati mu holo, kamera n'kumaloza osewera okha. Ndi anthu enieni, monga mmene gulu linkasekera Kwathu Drama Group ikamasewera, kungoti sitiwaona. N'zoona kuti pali ena amene amachita kuthiramo kuseka kojambula kale. Amenewo nanenso amandinyansa.

Koma ndisakunamizeni. Muli mtsikana wachifalansa, Danielle, amene amamutsinzinira diso mphunzitsiyo pafupipafupi, ndiye nkhuku zija mwina zikaonedwanso kangapo. Komanso nthabwala zake zambiri n'zoseka mitundu ya anthu, Mmwenye amatere, Mtaliyana amatere. Kale tinkangoseka, pano ndikamaonera ndi zidzukulu pena ndimatsokomola.

Chiko wothira mafilimu, Limbuli:

Madala aphunzitsi, ndi ulemu wonse, limenelo Tadala agona pa chigawo choyamba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, tsiku lililonse ndimathira anthu zinthu m'mafulashi ndi m'mamemore, ndipo ndimadziwa zimene amabwerera kudzafuna zotsatira zake.

Anti, tengani Everybody Hates Chris. Ndi la ku America, linaonetsedwa kuyambira 2005 mpaka 2009, zigawo 88. Choyamba, mulibe kuseka kwa anthu osaoneka ngakhale pang'ono, agogo aziseka akafuna okha. Nkhani yake ndi ya mnyamata woyamba kubadwa m'banja losauka ku Brooklyn m'zaka za m'ma 1980, amene chilichonse chikalakwika m'nyumba mlandu umagwera iye. Tadala monga woyamba adziona yekha. Koma amene adzakugwireni ndi makolo ake. Bamboyo, Julius, amagwira ntchito ziwiri ndipo amadziwa mtengo wa kanthu kalikonse, mwana akataya mkaka pang'ono iye amawerengera pompo kuti ndi ndalama zingati zatayikazo. Mayiyo, Rochelle, pakamwa ndi pa moto, akakwiya kuntchito amangosiya n'kumadzitama kuti mwamuna wake ali ndi ntchito ziwiri. Tandiuzani mudzi wa kuno umene mulibe anthu awiri amenewa.

Chingerezi chake chimathamanga pena, makamaka wofotokoza nkhaniyo, koma muli ndi wa Fomu 3 m'nyumba, ntchito yake n'chiyani? Azimasulira. Za zibwenzi zimapezekamo apo ndi apo ana aja akamakula, ndiye yambani ndi sizoni yoyamba.

Malangizo aulere: pothiritsa nenani kuti mukufuna za MP4, chifukwa ma TV ena otchipawa amaonetsa chithunzi chopanda mawu akakumana ndi mtundu wina. Ndipo musalole kuti akupatseni zomasuliridwa kale m'Chichewa musanazimvere nokha. Anyamata ena omasulira aja amawonjezera zawozawo, pamene mzungu wangopereka moni iwo atukwanapo.

Mai a Mphatso, Bvumbwe:

Ine ndikuona ngati mukuvutika ndi zinthu zoti n'kuzipewa. Zimitsani TV-yo, amayi anene nthano, ana aziti tili tonse. Ife tinakula choncho.

Koma ngati n'kofunika TV, mwamuna wanga amakonda Papa Shirandula la ku Kenya, la mlonda uja wonamiza akwawo kuti amagwira ntchito ya mu ofesi. Mchimwene wanga ndi mlonda pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kuno, ndipo timamuseka nalo. Kungoti ndi la Chiswahili, timangotola apa ndi apo.

NaPhiri wa ku Chitakale:

Ndabweranso patha sabata ziwiri. Zikomo nonse.

Mai a Mphatso, za nthano ndinayesa tsiku limene magetsi anathima. Amayi anati nthano anaziiwala, koma anatifotokozera mwatsatanetsatane milandu yonse ya malire a munda ya ku Muloza kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ana anagona pa mlandu wachiwiri.

Aphunzitsi, ndinawafotokozera za anthu okhala mu holo aja. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Ndiye ngati alipo, aziseka okha, ife tikuwasokonezeranji?" Tinaonera zigawo ziwiri n'kusiya. Abambo a Tadala okha ndi amene akupitiriza pa foni, mobisa.

Chiko, iwe Mulungu akudalitse. Tsiku loyamba amayi anakhala chammbali, nkhope ili gwa, akusenda nandolo. Tadala ankamasulira monyinyirika. Zinasintha pamene bambo uja anayamba kuwerengera mtengo wa chakudya chimene ana anataya. Amayi anasiya nandolo, anayang'ana TV, kenako anayang'ana mkamwini wawo, n'kuphimba pakamwa ndi chitenje. Mapewa okha ndi amene ankagwedera. Muyenera kudziwa kuti bambo a m'nyumba muno amathimitsa babu la kukhitchini munthu uli momwemo ukupakula, ndipo mayunitsi amawalemba m'kope. Iwo anaona kuti akuyang'anidwa, anangoti, "Bamboyu ndi wanzeru, palibe choseketsa apa." Apo ndiye tonse tinatha.

Pano tili pa chigawo cha 14. Tadala wayamba kumasulira ndi mawu osinthasintha, Rochelle amamuyankhulitsa ngati azakhali ake a ku Nkando, moti ndikuopa tsiku limene azakhaliwo adzabwere kudzazonda amayi. Vuto latsopano ndi lakuti amayi salola kuti tionere chigawo chimodzi chokha, ndipo dzulo ndinawamva akufunsa wamng'onoyu kuseri kwa nyumba kuti, "Kodi a Juliyasi abwera kuntchito?"

Chiko, Loweruka ndikubwera ku msika wa Limbuli kudzagula zitenje. Benchi yako ili mbali iti? Ndikufuna sizoni yachiwiri, ndipo undionerenso zigawo zimene zili ndi zibwenzi undilembere manambala ake pa pepala, ndizidziwiratu masiku otumiza bambowa kokaona nkhuku.